Musanakhome tenti kapena kutsegula bizinesi pamalo a kumidzi ku America: ndondomeko yake

Munthu akagula maekala asanu kunja kwa tauni ku America, sipatenga nthawi asanayambe kulingalira mmene malowo angabwezere ndalama zake. Wina amafuna kuika matenti anayi m'mphepete mwa nkhalango kuti alendo azilipira pa usiku. Wina amafuna kukonza magalimoto m'shedi, wina kuphika buledi wogulitsa, wina kuimika kalavani n'kumagonamo kufikira nyumba itatha. Zonsezi zimachitika ndithu. Koma chikalata cha umwini wa malo sichikupatsani chilolezo cha chimodzi mwa zimenezi. Chimene chimalamula ndi buku la malamulo a dera limene malowo ali, lotchedwa zoning ordinance, ndipo bukuli limasiyana dera ndi dera, mwinanso tsidya lino ndi tsidya ilo la msewu umodzi womwewo.

Mphamvu imeneyi si ya dzulo. Mzinda wa New York unakhazikitsa lamulo logawa mzinda wonse m'zigawo za kagwiritsidwe ntchito ka malo mu 1916. Mu 1926, pa mlandu wa pakati pa mudzi wa Euclid ku Ohio ndi kampani ya Ambler Realty, Khoti Lalikulu la dzikolo linagamula kuti boma la dera lili ndi mphamvu youza mwini malo zimene angamange ndi kuchita pamalo ake. Chiyambire pamenepo, mawu akuti "malowa ndi anga" sapita nanu patali pamaso pa woweruza. Ndiye ntchito ili motere.

Yambani ndi kudziwa amene akulamulira malowo

Adiresi ya positi imapusitsa. Makalata anu angamabwere ndi dzina la tauni inayake pomwe malowo ali kunja kwa malire a tauniyo. Malo otere, amene amawatcha unincorporated, nthawi zambiri amakhala m'manja mwa boma la dera lotchedwa county, ndipo ma county ku America alipo oposa 3,000, aliyense ndi buku lake. M'zigawo zina za dzikolo (ma state) monga Michigan, Pennsylvania ndi New York, amene amagwira kwambiri nkhani imeneyi ndi maboma ang'onoang'ono otchedwa township kapena town. Ku Texas ma county sanapatsidwe mphamvu zambiri zogawa malo motere, ndipo mzinda wa Houston umadziwika chifukwa ulibe lamulo la zoning. Izi sizitanthauza kuti kumeneko munthu amachita zofuna zake, pakuti malamulo a zimbudzi, a madzi osefukira ndi a mapangano olembedwa pa chikalata cha malo amagwirabe ntchito.

Tengani kalata ya msonkho wa malo. Pamenepo pali nambala ya malo anu, imene ena amaitcha parcel number, ena APN. Lowetsani nambalayo pa mapu a pa intaneti a county yanu, amene nthawi zambiri amalembedwa kuti GIS. Mapuwo akuonetsani malire a malo, boma limene likulamulira, ndiponso zilembo za chigawo chimene malowo anaikidwamo, monga RR-5, A-1 kapena R-1. M'madera ambiri RR-5 imatanthauza malo okhala anthu a kumidzi amene sangagawidwe kuchepera maekala 5. Musadalire zilembo zimene analemba wogulitsa malo pa chikwangwani kapena pa malonda a pa intaneti. Iyeyo ntchito yake ndi kugulitsa.

Werengani matanthauzo musanawerenge china chilichonse

Mabuku ambiri a malamulowa ali pa intaneti, pa tsamba la county kapena pa masamba osunga malamulo monga Municode ndi eCode360. Anthu ambiri amathamangira pa gawo la chigawo chawo. Ine ndingakulangizeni kuyamba ndi mutu wa matanthauzo a mawu, ngakhale ndi wotopetsa kuposa yonse. Pamenepo ndi pamene mudzaone kuti bukulo likamati campground likunena chiyani kwenikweni, ngati tenti yaikulu yokhala ndi bedi ndi thabwa pansi ikuwerengedwa ngati tenti kapena ngati nyumba, ndiponso ngati kalavani yochotsedwa matayala ikadali galimoto. Milandu yambiri imathera pa chiganizo chimodzi cha m'mutu umenewu.

Mukatero pitani pa tebulo la ntchito zololedwa. Kumanzere kumakhala mndandanda wa ntchito, pamwamba zilembo za zigawo. Tsatirani ndi chala mzere wa ntchito yanu mpaka pansi pa chigawo chanu. Mukapeza P, ntchitoyo ndi yololedwa, bola mukwaniritse zofunika zake. Mukapeza C kapena S, ndiye kuti mukufunika chilolezo chapadera chimene chimadutsa pa msonkhano wa anthu. Mukapeza bokosi lopanda kanthu, musasangalale. M'mabuku ambiri ntchito imene sinatchulidwe ndi yoletsedwa, ndipo pamakhala chiganizo chonena zimenezi penapake koyambirira. Pa tebulo limodzi mungapeze kuti pansi pa RR-5 kabizinesi ka m'nyumba kali ndi P, malo a misasa ali ndi C, pomwe galaja yokonzera magalimoto ili ndi bokosi loyera.

Onaninso manambala ang'onoang'ono a m'munsi mwa tebulo. Kawirikawiri ndi amene amanena kuti malo a misasa amafunika maekala angati, kapena kuti akhale kutali bwanji ndi malire a mnansi.

Siyanitsani mitundu itatu ya kugona panja

Pamaso pa lamulo, kugona mu tenti si chinthu chimodzi. Choyamba ndi pamene inuyo, ana anu kapena anzanu mukugona pamalo anu kwa masiku ochepa popanda wolipira. Madera ambiri alibe nazo ntchito, ngakhale ena amaika malire a masiku pa chaka, makamaka ngati pamalopo palibe nyumba ndi chimbudzi.

Chachiwiri ndi kukhaliratu mu kalavani kapena RV. Apa ndi pamene ogula malo opanda nyumba amagwa m'mavuto, chifukwa ma county ambiri salola kalavani kukhala nyumba ya munthu chaka chonse. Ena amalola kwa miyezi yowerengeka ngati muli ndi chilolezo chomangira nyumba ndipo ntchito yomanga ikuoneka kuti ikuyenda. Palinso msampha wina wosadziwika kwambiri. Shedi, galaja ndi kabizinesi ka pakhomo amawerengedwa ngati zinthu zongothandizira nyumba, zotchedwa accessory use. Ngati nyumbayo palibe, m'madera ena simungaike ngakhale shedi, poti palibe chimene ikuthandizira.

Chachitatu ndi pamene mlendo wapereka ndalama. Ikangolowa dola imodzi, nkhani yasintha. Malo amene dzulo anali kuseri kwa nyumba yanu lero akutchedwa campground, kapena malo ogona alendo a masiku ochepa, ndipo akugwera pa mzere wina wa tebulo lija. Masamba a pa intaneti olumikiza eni malo ndi ofuna pomanga misasa, monga Hipcamp imene inayamba mu 2013, apeputsa ntchito yopeza alendo. Koma kulembetsa malo anu pa tsamba lotere si chilolezo cha boma. Udindo wotsatira malamulo a dera umakhalabe pa inu, ndipo a ku ofesi nawonso amatsegula masamba omwewo n'kuona zithunzi za malo anu, mtengo wake ndi ndemanga za alendo amene anagonapo.

Werengani malo oimikapo matenti, chifukwa nambala ili ndi mano

Pamwamba pa malamulo a county pali malamulo a chigawo chonse cha dziko, ndiye kuti state, amene nthawi zambiri amayang'aniridwa ndi a zaumoyo kapena a zachilengedwe. Malamulo amenewa amayamba kugwira ntchito mukafika pa nambala inayake ya malo oimikapo tenti kapena kalavani. Ku Michigan, malo olandira matenti kapena makalavani 5 kapena kuposerapo amawerengedwa ngati campground yofunika laisensi ya boma la chigawo. Ku Virginia nambalayo ndi 3. Choncho munthu wa matenti anayi ali kunja kwa lamulo limeneli ku Michigan, koma ali m'kati mwake ku Virginia.

N'chifukwa chake eni malo ena amasankha dala kukhala pansi pa nambalayo. Ndi nzeru yabwino kwa amene akungoyesa kaye, koma musasokoneze zinthu ziwiri. Kukhala pansi pa nambala ya chigawo kumakuchotsani pa laisensi ya chigawo basi. County kapena township yanu ingathe kunenabe kuti ngakhale tenti imodzi yolipiritsa ikufunika chilolezo chake. Muyenera kufunsa mbali zonse ziwiri, ndipo kawirikawiri ofesi imodzi siyankhira inzake.

Chimbudzi ndi madzi ndi zimene zimagwetsa mapulani ambiri

Kumidzi kulibe mipope ya zonyansa ya boma. Nyumba imadalira septic tank ndi bwalo limene madzi oipa amalowera pansi, ndipo kukula kwa zimenezi kunawerengedwa potengera zipinda zogona za nyumbayo. Thanki yomangidwira banja la zipinda zitatu sinapangidwire alendo khumi ndi awiri a Loweruka. A zaumoyo a county adzafuna kudziwa kumene zonyansa za alendowo zikupita. Mukafuna kumanga thanki ina, adzapima kaye dothi kuti aone mmene limamwera madzi, zimene amati perc test. Dothi la makande kapena la thanthwe likalephera mayeso amenewa, mtengo wa ntchito umakwera kwambiri, mwina mpaka kupha bizinesi yonse isanabadwe. Pamafunikanso mtunda pakati pa chitsime ndi bwalo la zonyansa, ndipo m'madera ambiri ndi mapazi 100, pafupifupi mamita 30. Madera ena amalola zimbudzi zonyamula zobwereka ku kampani imene imabwera kudzapopa, ena amakana zimbudzi za kompositi ngakhale zitakhala zaukhondo bwanji. Funsani musanagule.

Madzi akumwa ali ndi malire awoawo ochokera ku boma lalikulu. Malinga ndi lamulo la Safe Drinking Water Act la 1974, chitsime chimene chikumwetsa anthu 25 kapena kuposerapo kwa masiku osachepera 60 pa chaka, kapena chili ndi mipope yolumikizidwa 15, chimawerengedwa ngati madzi a anthu onse, ndipo chimayenera kupimidwa pafupipafupi. Malo aang'ono a misasa nthawi zambiri safika pamenepo, koma wofuna kukula ayenera kuidziwa nambalayi.

Malo okongola kwambiri oika matenti amakhala m'mbali mwa mtsinje, ndipo ndi omwewo amene amasefukira. Onani mapu a madzi osefukira a FEMA, bungwe la boma lalikulu loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Malo olembedwa A kapena AE ndi amene chaka chilichonse ali ndi mwayi umodzi pa 100 woti madzi afikepo. Pamalo otere kalavani imayenera kukhala masiku osakwana 180 otsatizana, kapena ikhale ndi laisensi ya pamsewu ndi matayala ake, yokonzeka kukokedwa nthawi iliyonse. Mukaimangira khonde lokhazikika mwaisandutsa nyumba, ndipo malamulo a nyumba za m'madera osefukira akupezani. Dambo nalonso musalikwirire ndi dothi mwachisawawa pofuna kutsegula msewu, chifukwa madambo ambiri amatetezedwa ndi lamulo la Clean Water Act ndipo chilolezo chake chimachokera ku Army Corps of Engineers, nthambi ya akatswiri a zomangamanga ya asilikali a dzikolo.

A zozimitsa moto adzafunsa ngati galimoto yawo ingafike pa tenti yomaliza. Lamulo la International Fire Code, limene madera ambiri anatengera, limafuna msewu wotakasuka mapazi 20, pafupifupi mamita 6. M'chilimwe kumadera ouma amaletsa kusonkha moto panja, ndipo alendo anu akaphwanya chiletsocho, dzina limene lili pa chikalata cha malo ndi lanu.

Bizinesi ya pakhomo

Gawo la bukulo lotchedwa home occupation ndi limene limanena za bizinesi yochitira pamalo okhala. Mfundo yake ndi imodzi: munthu wodutsa pamsewu aziona nyumba ya banja, asamaone fakitale kapena sitolo. Zofunika zonse zimachokera pa mfundo imeneyi. Bizinesi ichitike m'nyumba kapena m'shedi, isatenge gawo lalikulu la nyumbayo, ndipo madera ambiri amaika malire pa gawo limodzi mwa magawo anayi. Ogwira ntchito akhale a m'banjamo, mwina ndi mmodzi kapena awiri akunja. Chikwangwani chikhale chaching'ono kapena pasakhale. Katundu asaunjikidwe panja. Phokoso, fungo ndi fumbi zisadutse malire. Makasitomala obwera pa tsiku akhale owerengeka.

Wowerengera anthu ndalama pa kompyuta, wosoka zovala kapena wopanga sopo amadutsa mosavuta. Amakaniki, owotcherera zitsulo, osunga agalu a anthu ndi ocheka matabwa ndi amene amavutika, ndipo mabuku ambiri amatchula ntchito zimenezi ndi maina kuti sizingakhale bizinesi ya pakhomo. Komabe ma county ena a kumidzi ali ndi gulu lachiwiri la mabizinesi okulirapo, limene amalitcha cottage industry kapena rural home business, lololedwa kwa amene ali ndi maekala ambiri komanso shedi yotalikirana ndi anansi. Lifufuzeni gululi musanataye mtima.

Ophika zogulitsa ali ndi njira yawoyawo. Zigawo zambiri zili ndi malamulo otchedwa cottage food, olola kugulitsa zakudya zosawonongeka msanga, monga buledi, mabisiketi ndi jamu, zophikidwa m'khitchini ya pakhomo. Lamulo la California, limene linayamba kugwira ntchito mu 2013, linaletsa mizinda ndi ma county kukaniza bizinesi yotere m'nyumba zokhala anthu, ngakhale angathe kuika malamulo a poimika magalimoto ndi phokoso. Nyama ndi zakudya zofunika firiji nthawi zambiri sizilowa m'gulu limeneli.

Ngati mumalimadi pamalopo, onani ngati chigawo chanu chili ndi lamulo la agritourism, lokhudza kulandira alendo pamunda. M'madera ena mlimi amaloledwa kugulitsa zokolola zake pamsewu ndi kulandira alendo pamunda mosavutikira kwambiri. Koma nkhuku zisanu ndi kadimba ka tomato sizikupangani kukhala mlimi pamaso pa ofesi.

Chinthu china chimene chimasokoneza anthu: kulembetsa kampani ya LLC ku boma la chigawo, kutenga nambala ya msonkho ya EIN ku IRS, bungwe lotolera misonkho la boma lalikulu, ngakhale kulipira laisensi ya bizinesi, zonsezi sizikhudza nkhani ya kagwiritsidwe ntchito ka malo. Mungakhale ndi mapepala onsewa m'manja koma bizinesiyo n'kukhala yoletsedwa pa adiresi imeneyo.

Tsegulani chikalata cha malo ndi zonse zomatidwa kwa icho

Boma likalola, pangakhalebe wina wokana. Malo ambiri a kumidzi anadulidwa kuchokera ku famu imodzi yaikulu, ndipo wodulayo analemba mapangano amene amayenda ndi malowo kwa aliyense wogula: pasakhale makalavani, pasakhale bizinesi, pasakhale kubwereketsa kwa masiku ochepa. Mapangano amenewa, otchedwa deed restrictions kapena covenants, amasungidwa ku ofesi yolembetsa zikalata ya county ndipo amaoneka mu lipoti lofufuza umwini wa malo, lotchedwa title report. A ku ofesi ya mapulani sawatsatira ndipo mwina sakuwadziwa n'komwe. Amene amakutengerani ku khoti ndi mnansi wanu kapena bungwe la eni nyumba, HOA.

Onaninso njira imene mumalowera. Ngati mumadutsa pamalo a munthu wina kudzera mu easement, ufulu wolembedwa wodutsa pamalopo, werengani mawu ake. Ufulu wodutsa popita ku nyumba imodzi sungatanthauze ufulu wodutsitsa magalimoto khumi a alendo Lachisanu lililonse madzulo. Ngati mumatulukira pa msewu wa boma, a zamisewu angafune chilolezo chatsopano cha polowera, poti magalimoto achuluka.

Pitani ku ofesi ya mapulani, ndipo yankho lilembedwe

Ena amaopa kufunsa poganiza kuti akudziulula. Safunsa anadya phula. Funsani musanayambe, pamene palibe chimene mwalakwa. Ofesi zambiri zili ndi munthu wolandira mafunso tsiku lililonse, ndipo pa ntchito yokulirapo amakonza msonkhano wokambirana musanapereke pempho.

Funso lanu likhale lolunjika. Mukati mukufuna kuchita kabizinesi pamalo anu, mudzalandira yankho la chisawawa. Nenani nambala ya malo, maekala ake, kuti mukufuna malo atatu oimikapo matenti, olipiritsa, kuyambira May mpaka September, opanda magetsi, ndi chimbudzi chonyamula chimodzi. Kenako funsani kuti ntchito imeneyi ikugwera pa mzere uti wa tebulo, ikufunika chilolezo chanji, ndipo ndi maofesi ena ati amene muyenera kuwaona. Mukamaliza kukambirana, lembani imelo yobwereza zimene mwamva ndipo pemphani kuti atsimikize. Chabwino koposa ndi kalata yotchedwa zoning verification letter, imene amalipiritsa kandalama pang'ono. Mawu a pafoni amauluka, wogwira ntchito amasamuka, ndipo makhoti ambiri salola munthu kudziteteza ndi malangizo olakwika amene anangouzidwa pakamwa.

Ngati simunagule malowo, chitani zonsezi m'nthawi yofufuza imene mgwirizano wogula umapereka. Lembetsani mu mgwirizanomo kuti mudzatuluka mu mgwirizanowo n'kulandira chikole chanu ngati mayeso a dothi alephera kapena ngati ntchito imene mukufuna siloledwa.

Pamene tebulo likuti C

Chilolezo chapadera, chotchedwa conditional use permit kapena special use permit, chimatenga miyezi ndipo ndalama yofunsira sabweza mukakanidwa. Mudzapereka mapu a malo oonetsa malire, nyumba, chitsime, thanki ya zonyansa, msewu, poimika magalimoto, malo a tenti iliyonse ndi mtunda wake kufika kwa anansi. Mudzalembanso mmene muziyendetsera: nyengo yotsegula, chiwerengero cha alendo, ola lotseka phokoso, kotaya zinyalala, ndi amene adzayankhe foni usiku.

Ofesi ikalandira pempho imatumiza makalata kwa eni malo oyandikana nanu. Ku Michigan makalatawo amapita kwa onse a m'kati mwa mapazi 300, pafupifupi mamita 90, masiku osachepera 15 msonkhano usanachitike. California nayonso imagwiritsa ntchito mapazi 300. Pamsonkhanopo aliyense amapatsidwa mphindi zochepa kuti alankhule.

Apa ndi pamene ndimaona kuti anthu amaika mphamvu pa malo olakwika. Amalipira wojambula mapu, amavala bwino, koma anansi awo amamva za nkhaniyi koyamba kudzera m'kalata ya boma. Munthu amene walandira envelopu yonena kuti pafupi ndi mpanda wake pakubwera campground amaganiza za mabasi, nyimbo za usiku ndi agalu othamangitsa ng'ombe zake, ndipo amafika pamsonkhano atakwiya kale. Gogodani pakhomo pawo pempho lisanapite. Aonetseni mapu, yendani nawo pamalo pamene padzakhale matenti, imani nawo pomwepo n'kuyang'ana kunyumba kwawo kuti muone zimene mlendo adzaone. Mnansi akanena kuti magetsi a galimoto adzawala pa zenera la kuchipinda kwake, sunthani poimika magalimoto, ndipo mukanene pamsonkhano kuti munasuntha chifukwa cha iye. A komiti yogamula pempholo ndi anthu a m'dera lomwelo. Amamvetsera kwambiri akaona kuti dandaulo lathetsedwa lisanafike pa tebulo lawo.

Polankhula, musataye mphindi zanu kufotokoza maloto anu kapena ngongole imene muli nayo. M'bukumo muli mndandanda wa mfundo zimene komiti iyenera kupeza isanavomere, monga kuti ntchitoyo sisokoneza chikhalidwe cha dera, msewu ungathe kunyamula magalimoto, madzi ndi zimbudzi zilipo. Yankhani mfundo zimenezo imodziimodzi. Akavomera adzaika malire: matenti osapitirira akuti, majenereta azime ola lakuti, mlendo asapitirire masiku akuti. Werengani malirewo bwino musanavomere, chifukwa kuphwanya amodzi kungachititse kuti chilolezo chilandidwe. Funsaninso ngati chilolezocho chimatsala ndi malo mukagulitsa kapena chimathera pa inu.

Musasokoneze chilolezochi ndi variance. Imeneyo ndi ya munthu amene malo ake ali ndi vuto lachilengedwe, monga phompho kapena kuwonda kwa malo, limene likumulepheretsa kusunga mtunda wolamulidwa. Kufuna ndalama zambiri si vuto limene komiti imawerengera, ndipo ma state ena salola konse kugwiritsa ntchito variance pololeza ntchito yoletsedwa m'chigawo cha malo anu. Bokosi likakhala loyera, njira yotsala ndi kupempha kuti chigawo cha malo anu chisinthidwe kapena kuti lamulo lenilenilo likonzedwe. Imeneyo ndi ndale za m'dera, ndipo kwa munthu wa matenti atatu nthawi zambiri siilingana ndi phindu lake.

Inshuwalansi ndi misonkho

Inshuwalansi wamba ya nyumba nthawi zambiri siteteza ngozi zochokera ku bizinesi. Nthambi ikagwera tenti ya mlendo wolipira, kampani ingakane. Uzeni wothandizira wanu zoona zake ndipo mugule chitetezo choyenera. Zigawo zonse za America zili ndi malamulo oteteza mwini malo amene walola anthu kusangalala pamalo ake, koma ambiri mwa malamulowa amateteza wolola mwaulere. Mukayamba kulipiritsa, chitetezocho chimachepa kapena kutha.

Pa misonkho, funsani za msonkho wa malo ogona alendo, umene ma county ambiri amatolera pa usiku uliwonse. Ndipo ngati malo anu amalipira msonkho wotsika chifukwa analembetsedwa ngati munda kapena nkhalango, monga pansi pa Williamson Act ya 1965 ku California, lankhulani ndi ofesi yoyesa msonkho musanasinthe ntchito ya malowo. M'zigawo zambiri kusintha kumabweretsa bilu ya msonkho wa zaka zingapo zapitazo umene munakhululukidwa.

Kalata ya chenjezo ikafika

M'madera ambiri a kumidzi oyang'anira malamulowa sayendayenda kufunafuna olakwa. Amabwera wina akadandaula. N'chifukwa chake mumaona munthu wa kutsidya akuchita zomwezo kwa zaka popanda vuto. Mwina palibe amene anamudandaulira, mwinanso anayamba lamulo lisanabwere ndipo ntchito yake imaloledwa kupitirira ngati legal nonconforming use. Ufulu woterewu umafuna umboni wakuti ntchitoyo inali yovomerezeka pamene inayamba, sulola kukulitsa, ndipo umatha ntchitoyo ikaima kwa nthawi imene bukulo latchula, kawirikawiri miyezi 6 kapena chaka. Wogulitsa akakuuzani kuti malo ake ali ndi ufulu umenewu, pemphani kalata ya ku ofesi.

Mukalandira kalata yotchedwa notice of violation, onani zinthu ziwiri tsiku lomwelo: ndime ya lamulo imene akuti mwaphwanya, ndi tsiku lomaliza loyankha kapena kuchita apilo. Nthawi ya apilo imakhala yaifupi, masiku 30 kapena kucheperapo, ndipo ikadutsa simungatsutsenso ngakhale mutakhala ndi mfundo. Mabuku ambiri amawerengera tsiku lililonse ngati mlandu watsopano, choncho chindapusa chimakula mukakhala chete, ndipo chosalipidwa chingamatidwe pa chikalata cha malo anu mpaka tsiku logulitsa. Imitsani kulandira alendo, tsitsani malonda pa intaneti, imbirani amene wasaina kalatayo ndipo mufunse ngati angakupatseni nthawi pamene mukupempha chilolezo. Ambiri amavomera, poti chimene akufuna ndi kutseka failo. Ngati mukuona kuti ofesi yawerenga lamulo molakwika, pezani loya wodziwa za malo wa m'county momwemo ndipo perekani apilo ku komiti yomva ma apilo, yotchedwa board of zoning appeals, tsiku lomaliza lisanakwane.